Hilux yanga ya 1994 imakoka kumbuyo kokha, kodi ndingaisandutse 4x4?

Wa kachewere ku Tsangano

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru mvula isanafike. Ndili ndi Toyota Hilux ya 1994, single cab, ija ya LN85 ya injini ya 2L ya dizilo, yokoka ndi matayala akumbuyo okha. Anandisiyira malemu bambo anga, ndipo ndi imene ikudyetsa banja langa pamodzi ndi ana a mlongo wanga. Geni yanga ndi yopikula kachewere ndi kabichi m'minda ya kumtunda kwa Tsangano, nthawi zina mpaka kulowera mbali ya Neno, n'kumatsitsira ku Tsangano Turn-off, ku Lizulu, kapena ku Blantyre katundu akachuluka.

M'chilimwe sindidandaula nayo. Injini inakonzedwa bwino, siidya oyilo, ndipo giyabokosi silira. Mavuto amayamba Disembala mpaka Malichi. Katondo wa kwathu akangonyowa amaterera ngati therere. Pali chikweza china potuluka m'dimba pamene galimoto ikangofika pakati, tayala limodzi lakumbuyo limayamba kuzungulira pamalo amodzi, kumangomwaza matope, linzake lili phee. Zikatero ndimatsitsa matumba onse, kulipira anyamata kuti akankhe, kenako asenze matumbawo pamutu mpaka pamwamba. Phindu la ulendo limathera pomwepo. Chondiwawa n'chakuti nyengo yomweyo ndi imene kachewere amakhala ndi mtengo wabwino m'tauni, chifukwa ofika kumunda amakhala ochepa. Anzanga a Land Cruiser amandipitirira ndikuona.

Makaniko wina wandionetsa ekiselo yakutsogolo yomwe ili pagalaja pake, akuti inachoka ku Hilux ya 4x4 imene inagubuduzika. Iye akuti tingogula transfer case, bokosi logawira mphamvu ku matayala akutsogolo ndi akumbuyo, ku Biwi kapena ku Ndirande, awotcherere zogwira masipuling'i kutsogolo, basi galimoto yasanduka 4x4. Mtima wanga ukufuna, koma ndalama ndi ya mpamba wa geni. Kodi alipo anachitapo zimenezi? Pamafunika chiyani ndi chiyani? Nanga mapepala a galimoto amakhudzidwa? Kugulitsa sindikufuna, ndi ya bambo anga.

Makaniko wa ku Biwi

Achimwene, zikomo pofunsa musanadule chitsulo. Ambiri amabwera kwa ife chasisi atachidula kale. Kutheka zimatheka, koma sizili monga wakuuzirani mnzathuyo. Ekiselo ndi transfer case ndi zinthu ziwiri chabe pa mulu wa zinthu.

Tiyambire pansi. Hilux za m'badwo wanuwo, za 1988 mpaka 1997, zimafanana thupi koma chasisi cha 4x2 ndi cha 4x4 n'zosiyana. Yanuyo kutsogolo ili ndi ma wishbone ndi torsion bar, zitsulo zogwira tayala lililonse palokha, ndipo chasisi chake anachipanga kuti galimoto ikhale pansi. LN105 ndi LN106, zomwe ndi 4x4 za ekiselo yathunthu kutsogolo, zimakhala pa masipuling'i amasamba, ndipo chasisi chake chili ndi malo oti difu, bokosi la magiya la pa ekiselo logawira mphamvu ku matayala awiri, izikwera ndi kutsika osagunda kanthu. Kuti ekiselo ija ilowe pa yanuyo, ayenera kudula zogwira ma wishbone zonse, kuwotcherera zogwira masipuling'i kutsogolo, kuboola chasisi poti padutse mashakolo ogwira kumapeto kwa masipuling'iwo, ndi kupanga pokolowekapo mashoko. Ntchito imeneyi siyoyezera ndi maso. Mbali imodzi ikapitirira inzake ngakhale pang'ono, galimoto imayenda chopingasa n'kumadya matayala. Kapendekedwe ka ekiselo kakalakwika, mukangoponda bampu pa liwiro chiwongolero chimayamba kunjenjemera mwamphamvu mpaka kukulandani manja. Taganizani zimenezo zikuchitikireni mukutsetsereka pa M1 mutasenza kachewere wodzaza.

Chiwongolero ndiye chimandiopsa kwambiri. Bokosi la chiwongolero la LN106 n'losiyana ndi lanu, limamangidwa pamalo ena, ndipo ndodo yake imakankha kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo motsata chasisi. Pamene limamangidwapo pamafunika kulimbitsa, chifukwa mphamvu yonse yokhotetsa matayala m'matope imathera pa mabawuti amenewo. Wowotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo asakhudzepo pamenepa, ngakhale akhale waluso bwanji pa ntchito yakeyo.

Tibwere ku giyabokosi. Transfer case siimangika kumbuyo kwa giyabokosi yanu. Ya 4x2 ili ndi mchira wautali ndi shafuti yakeyake. Ya 4x4 ili ndi shafuti yaifupi ndi chikho chomangirapo transfer case. Ndiye mumagula ziwirizo pamodzi. Ubwino wake n'ngwakuti injini za 2L, 3L ndi 5L ndi banja limodzi, choncho giyabokosi yochoka ku LN106 imagwirizana ndi injini yanu. Koma crossmember yogwira giyabokosi isintha, propu yakumbuyo, shafuti yopititsa mphamvu ku difu, ifunika yaifupi, yakutsogolo mugule, pansi pa kabu aboole poti patulukire ndodo yachiwiri ya transfer case, chingwe cha sipidomita chichokere ku transfer case, ndipo sampu ya injini muiyang'ane bwino chifukwa ya 4x2 imatha kugundana ndi difu.

Simunathe. Tawerengani mabawuti a tayala lanu, mupeza 5, pa marimu a mainchesi 14. Ekiselo ya 4x4 ili ndi mabawuti 6. Simungayende ndi 6 kutsogolo, 5 kumbuyo, sipeya iwiri. Komanso kumbuyo kwa yanuyo ekiselo imakhala pamwamba pa masipuling'i, pamene ya 4x4 imakhala pansi pake, n'chifukwa chake imatalika. Ndiye ekiselo yakumbuyo nayo isinthe, pamodzi ndi zingwe za handibuleki, mapaipi a mabuleki, marimu asanu ndi matayala asanu.

Ndipo chachikulu chimene chimapha ntchito zoterezi: difu yakutsogolo ndi yakumbuyo ziyenera kukhala za ratio imodzi ndendende, kutanthauza kuti propu izizungulira kofanana kuti matayala azungulire kamodzi. Ma Hilux awa anatuluka ndi ma ratio osiyanasiyana, monga 4.30, 4.56 ndi 4.88. Mukaika 4.88 kutsogolo pamene kumbuyo kuli 4.30, matayala akutsogolo amafuna kuyenda pang'onopang'ono pamene akumbuyo akuthamanga, ndipo pakati palibe difu yoti iwayanjanitse. Pamatope mwina simumva kanthu chifukwa matayala amaterereka, koma mukangofika pouma chinachake chithyoka, kaya transfer case, kaya propu, kaya mano a difu.

Langizo langa: zinthu zogula chimodzichimodzi, china ku Biwi, china ku Ndirande, china kwa mnzake wa mnzake, zidzakudyerani ndalama zoposa mtengo wa 4x4 yoyenda, ndipo galimoto idzakhala miyezi pa zitsa. Ngati mwatsimikiza, pezani LN106 yonse yomwe inaphwanyika thupi koma chasisi chili chowongoka, musamutsirepo kabu ndi injini yanu. Zonse zikachoka pa galimoto imodzi zimagwirizana zokha.

Wa ku Joni

Amakaniko anena zoona zokhazokha. Ine ndiwonjezere zomwe ndimaona kuno. Ndimagwira ntchito pa galaja ina kufupi ndi Germiston, ndipo alimi ambiri a kuno sayendera 4x4 ayi. Amayendera Hilux ya 4x2 yomwe amati Raised Body, yotalika ngati 4x4, ya mabawuti 6, yokhala ndi diff lock kumbuyo. Amalowa nayo m'minda m'matope osavutika kwenikweni.

Taonani mmene mwafotokozera vuto lanu, achimwene: tayala limodzi likuzungulira, linzake lili phee. Imeneyo ndi ntchito ya difu wamba. Imapereka mphamvu yofanana ku matayala onse awiri, ndiye limodzi likataya pogwira, linzake nalo limangolandira kamphamvu kochepa komweko, ngakhale litaponda pouma. Diff lock imawamanga pamodzi kuti azungulire limodzi zivute zitani. Galimoto yosenza katundu kulemera kwake kumakhala kumbuyo, ndipo pokwera chitunda kumapita kumbuyo kwambiri, ndiye matayala akumbuyo ndi amene ali ndi pogwira. Kungowamanga awiriwo kumasintha zambiri. Ilipo ya mpweya monga ARB, koma ndi yodula. Zilipo zodzitsekera zokha zomwe zimalowa m'malo mwa magiya ang'onoang'ono a m'kati mwa difu. Palinso limited slip, difu yochepetsa kuzungulira kwa tayala limodzi palokha, yomwe inabwera ndi ma Hilux ena. Muyambe mwadziwa ngati difu yanu ndi ya mainchesi 7.5 kapena 8, chifukwa zambiri zimapezeka za 8.

Chimodzi ndikupempheni: wina asakunamizeni kuti angowotcherera magiya a m'difu kuti ikhale yotseka mpaka kalekale. Mumayenda pa tara mpaka ku Blantyre mutasenza. Pokhota pa tara tayala lakunja liyenera kuthamanga kuposa lam'kati. Mukazimanga osamasuka mudzathyola shafuti, ndipo pa tara yonyowa galimoto imakana kukhota.

Za masipeya, kuno alipo ndithu, chifukwa Hilux imapangidwa ku Prospecton ku Durban, ndipo za ekiselo yathunthu kutsogolo anapitiriza kuzipanga mpaka cha m'ma 1998. Koma ekiselo ziwiri ndi giyabokosi n'zolemera. Muwerengere wonyamula kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka ku Mwanza, kenako msonkho wa MRA. Ndipo chilichonse chokhala ndi nambala, injini kapena chasisi, musagule popanda lisiti ndi chikalata cha apolisi.

Wa kachewere ku Tsangano

Zikomo kwambiri akuluakulu. Ndatuluka panja kukawerenga, mabawuti alipodi 5. Ndalowanso kunsi, ekiselo yakumbuyo ili pamwamba pa masipuling'i monga mwanenera amakaniko.

Bambo a ku Joni, za diff lock zandigwira mtima, koma pali china chomwe sindinafotokoze. Msewu wa kumtunda mathiraki ndi mathirakitala amaukumba mizere iwiri yakuya, pakati n'kutsala mtumbira. Ndikasenza, galimoto imakhala pansi kwambiri moti nthawi zina difu imakhala pa mtumbirawo, matayala onse awiri n'kumazungulira m'mwamba. Pamenepo diff lock ingandipulumutse? Komanso pokwera ndi giya wani injini imafooka, ndimachita kuseweretsa kilatchi mpaka kumveka fungo lopserera. Ekiselo ija ndakaionanso: ili ndi ma hub a Aisin otembenuza ndi dzanja, aja olumikiza matayala akutsogolo ku ekiselo, koma mwiniwake sakudziwa ratio yake, ndipo bokosi la chiwongolero alibe.

Dalaivala wa pa Gorodi

Ine ndisiyane pang'ono ndi bambo a ku Joni. Ndakhala ndikunyamula anthu ndi katundu kuchoka ku Chitimba kukwera ku Livingstonia kudzera pa Gorodi, msewu wa makhota 20 uja, ndipo ndayendetsapo 4x2 ndi 4x4 yomwe. Chimene 4x4 imakupatsani si matayala anayi okha. Ndi giya ya low range. Pa ma Hilux akalewa transfer case ya magiya imachepetsa liwiro ndi 2.28, kutanthauza kuti giya wani yomwe ija imakhala ndi mphamvu zokokera zoposa kawiri, pa liwiro la munthu woyenda pansi. Fungo la kilatchi mukunenalo limatha, chifukwa mumachotsa phazi lonse, injini n'kumakwera yokha ili gugugu. Injini ya 2L ndi yolimba koma ndi yofatsa, ndi ya malita 2.4 yopanda turbo, ndiye pa chitunda ndi katundu imafunadi thandizo limeneli.

Potsika ndiye nkhani ina. Pa katondo wonyowa mukaponda buleki matayala amauma, galimoto n'kumapita komwe yafuna. Mu low range mumatsika ndi injini, matayala onse anayi akugwira pamodzi, phazi lili kutali ndi buleki. Diff lock singakuchitireni zimenezo. Ndiponso ikakhala yotseka pamalo opendekera m'mbali, matayala onse akumbuyo akaterereka limodzi, mchira wa galimoto umatsetserekera kumunsi. Kumapiri kumene mbali ina kuli phompho, chimenechi si chinthu chochepa.

Za mtumbira, difu imakwezedwa ndi tayala basi. Mungaonjezere masamba a sipuling'i, thupi likwera, koma difu ikhala pomwepo. Marimu a mainchesi 15 kapena 16 a 4x4 ndi matayala ake aatali ndi amene amaikweza.

Ndiye kwa msewu umene mwafotokozawu, ine ndikuti mukufunikadi 4x4 yeniyeni. Koma ndikugwirizana ndi amakaniko kuti isakhale yosokerera. Ndinakwerapo ina yomwe anaisintha chomwecho. Pouma inkayenda, koma pa khota lililonse mumamva chasisi chikulira pamene anawotcherera, ndipo dalaivala wake ankalimbana ndi chiwongolero ndi manja awiri. Ndinatsikira panjira.

Pomwe mukusakasaka, chitani izi chaka chino. Gulani matayala awiri a mano akuluakulu a m'matope muike kumbuyo. Mukafika pa chikweza chija aphwetseni pang'ono kuti aponde malo aakulu, koma muziyenda ndi pampu, ndipo muwapope musanafike pa tara, chifukwa tayala lophwa losenza katundu limatentha n'kuphulika. Pezani matcheni a m'matayala. Owotcherera amapanga, bola akhale othina bwino kuti asakole paipi ya buleki. Pa katondo tcheni imaluma pamene tayala lililonse lalephera. Matumba olemera muziwaika pamwamba pa ekiselo yakumbuyo. Khasu, thabwa lokhuthala loikapo jeke ndi chingwe cholimba zisachoke m'galimoto. Ndipo muzilawirira kukwera usiku ukakhala kuti sunagwe mvula, osati masana mabingu atayamba.

Mayi a geni ku Limbe

Alongo anga, ine za zitsulo sindilowererapo, koma ndili ndi mapikapu awiri onyamula tomato ndi anyezi, ndiye za mapepala ndimazidziwa. Galimoto imadziwika ndi nambala ya chasisi. Mukatenga chasisi cha LN106 chomwe akunena amakanikocho n'kuikapo kabu ndi injini yanu, pamaso pa boma imeneyo si galimoto ya bambo anu ija ayi, ndi ya mwini chasisicho. Ndiye musapereke ndalama musanaone blue book yake, musanakumane ndi mwini dzina lomwe lili m'menemo, komanso apolisi asanatsimikize kuti siyobedwa. Pitani nokha ku Road Traffic mukafunse zofunika posintha umwini ndi polembetsa injini ina pa chasisi chimenecho, musanayambe ntchito. Musatume dobadoba. Popita ku COF amayang'ana manambala, ndipo akasemphana ndi mapepala galimoto imaima, geni n'kuima nayo.

A inshuwalansi nawonso muwauze. Galimoto yosinthidwa chiwongolero ndi mabuleki mwakachetechete ikachita ngozi, akhoza kukana kulipira, ndipo inu mumanyamula anyamata kumbuyo.

Chinanso, werengerani miyezi yomwe galimoto idzakhale pagalaja. Ndi yokhayo muli nayo. Alimi omwe mumawapikula sadzadikira, adzazolowerana ndi wina. Ngati n'kuchita, chitani mvula itatha, mutasunga kangachepe kodyera, osati Novembala uno. Mafutanso idzamwa ochulukirapo chifukwa cha kulemera kwa zitsulo zowonjezerazo, ndipo mukudziwa mmene dizilo amavutira masiku ena.

Ndikumvetsa za bambo anu. Ine ndikanakhala inu ndikanaisiya mmene ilili, izigwira ntchito pa tara kuchoka ku Turn-off kupita ku Blantyre, komwe imachita bwino ndiponso mosawononga mafuta, n'kugwirizana ndi mnzanu wa Land Cruiser kuti m'dzinja azikutsitsirani katundu kuchoka kumunda. Mudzamulipira, inde, koma tafanizirani ndi zomwe mukupatsa anyamata osenza, kuonjezerapo kilatchi yomwe mukuotcha.

Makaniko wa ku Biwi

Amayi anena mfundo yomwe ife amakaniko timaiwala kawirikawiri, ya mapepala. Itengeni.

Achimwene, popeza ekiselo ija ilibe bokosi la chiwongolero ndipo ratio yake siikudziwika, musaigule payokha. Koma ngati mukufuna kudziwa ratio, ya ekiselo imeneyo kapena ya galimoto iliyonse yomwe mungakaione, njira yake nayi. Kwezani tayala limodzi lokha ndi jeke, linalo likhale pansi, giya ili fili, handibuleki yomasula, matayala ena mutawatchinga ndi miyala. Lembani choko pa tayala ndi pa propu. Zunguzani tayalalo kawiri ndendende, mnzanu akuwerenga kuzungulira kwa propu. Ikazungulira kanayi ndi theka n'kupitirira pang'ono, ndi 4.56, ikatsala pang'ono kukwana kasanu, ndi 4.88. Ya kutsogolo muyambe mwatseka ma hub onse awiri. Difu ikakhala yotsegula kale, ingowerengani mano: giya yaikulu 41 ndi yaing'ono 9 ndi 4.56, 39 ndi 8 ndi 4.88, 43 ndi 10 ndi 4.30. Tayala likakana kuzungulira pamene linzake lili pansi, mwina muli limited slip, ndipo chimenecho ndi chinthu chabwino kuchipeza.

Mukapeza LN106 yophwanyika, yezani chasisi mopingasa, kuchoka ngodya yakutsogolo kumanja kufika yakumbuyo kumanzere, kenako mbali inayo. Miyezo iwiriyo ifanane. Gogodani ndi hamala pafupi ndi zogwira masipuling'i akumbuyo, ndi pomwe dzimbiri limabisala, makamaka pa galimoto zomwe zinakhalitsa kunyanja kapena zinachokera ku UK komwe amathira mchere m'misewu. Yang'anani mozungulira bokosi la chiwongolero ngati pali ming'alu. Mipira yachitsulo ya kumapeto kwa ekiselo yakutsogolo ikakhala ikudontha girisi wosakanikirana ndi oyilo, muwerengere masili ndi mabering'i atsopano. Ionetsetseninso kuti ndi yotalika mofanana ndi yanu, ndipo muyeze malo omangira kabu pa zonse ziwiri musanamasule bawuti ngakhale limodzi.

Ikadzatheka, kumbukirani kuti 4x4 ya mtundu uwu siyendera ndodo ya 4H kapena 4L, yokoketsa matayala onse anayi, pa tara. Mukatuluka m'matope bwezerani ku 2H, yokoketsa akumbuyo okha, mutsike mukamasule ma hub. M'chilimwe muziwatseka kamodzikamodzi n'kuyenda pang'ono pa fumbi kuti oyilo azungulire mu difu yakutsogolo.

Pansi pa boneti pali kachitsulo kolembedwa model ndi trans/axle. Jambulani mutumize pano tione difu yomwe muli nayo. Ikakhala ya mainchesi 8, kupeza limited slip yoti ikuthandizeni dzinja lino pamodzi ndi matcheni a adalaivala aja sikuvuta kwenikweni, ndipo ndi ntchito ya tsiku limodzi.